Valavu ya purge iyesedwe kaye isanasinthidwe

Akonzi,

Tipatseni danga tilankhule za kachipangizo kamene kamadyera eni magalimoto ndalama popanda chifukwa chokwanira, kotchedwa purge valve. Nyali ya check engine, yochenjeza za vuto la injini, ikayaka ndipo makina owerengera zovuta za galimoto akaonetsa nambala ngati P0441, mwini galimoto amangouzidwa kuti valavu yafa, agule ina. Nthawi zina n'zoonadi. Koma nambalayo imangoloza dera limene muli vuto, siinena kuti chawonongeka n'chiti, ndipo ndalama zambiri zimatayikira pamenepo.

Petulo amatulutsa nthunzi m'thanki ngakhale galimoto itaima, makamaka kukatentha. Nthunziyo imadutsa m'payipi n'kukalowa m'kabokosi kodzaza ndi timakala, kotchedwa canister, ndipo timakalato timaigwira. Purge valve imakhala pakati pa kabokosiko ndi intake manifold, njira imene mpweya umadutsa polowa mu injini. Injini ikakhala yozima, valavu imakhala yotseka. Injini ikatentha, kompyuta ya galimoto imaitsegula ndi kuitseka kangapo pa sekondi imodzi kuti injini ikoke nthunziyo n'kuiwotcha pamodzi ndi petulo. Kaphokoso ka thi-thi-thi kamene mumamva pansi pa boneti kawirikawiri ndi valavu imeneyi ikugwira ntchito bwinobwino, musachite nako mantha. Magalimoto a dizilo alibe valavuyi, ndipo pa magalimoto a Toyota mungaipeze ikutchedwa VSV.

Mtengo wa ntchitoyi uli pa zinthu zitatu: valavu yeniyeniyo, nthawi ya makaniko, ndi kufufuza vuto. Pa magalimoto ambiri valavu imaonekera mukangotsegula boneti. Ili ndi pulagi imodzi ya magetsi, mapayipi awiri, ndipo imagwidwa ndi bawuti imodzi kapena imangolowetsedwa pa kachitsulo. Kuisintha ndi ntchito ya mphindi 15 mpaka 30. Pa magalimoto ena inabisika pansi pa manifold kapena kufupi ndi thanki, ndipo pamenepo ola lathunthu kapena kuposerapo n'zomveka. Choncho pemphani kuti mtengo augawe patatu. Ngati valavu mukuiona ndi maso anu koma mwalembedwa maola awiri a ntchito, funsani chifukwa chake. Ndalama yofufuzira vuto, kumbali ina, musaidandaule. Ndiyo imene imakutetezani kugula zinthu ziwiri kapena zitatu mongoyerekeza.

Nambala za zovutazi zimasiyana tanthauzo. P0441 imanena kuti nthunzi siikuyenda mmene iyenera kuyendera. P0496 imanena kuti ikuyenda pa nthawi imene valavu inayenera kukhala yotseka, ndipo apa valavu ndiyo yoyamba kuikayikira. P0443, P0444 ndi P0445 ndi za magetsi: ikhoza kukhala koyilo ya valavu (waya wokulungidwa amene amaitsegula akalandira magetsi), koma ikhozanso kukhala waya woduka, pulagi yadzimbiri kapena fyuzi. P0442, P0455 ndi P0456 zimanena za mpweya umene ukuthawira penapake. Kompyuta imatha kuzindikira kabowo kakang'ono ngati theka la milimita, choncho labala wong'ambika wa chivindikiro cha thanki ndi wokwanira kuyatsa nyali. Yambirani pa chivindikirocho, chifukwa ndicho chotchipa kuposa zonse.

Kuyesa valavu sikufuna zida zambiri. Injini ili yozima, chotsani pulagi ndi mapayipi, kenaka lumikizani kapampu kamanja kokoka mpweya kumbali yopita ku injini. Valavu yabwino imagwira, singano ya kapampuko siigwa. Ikamagwa pang'onopang'ono, valavu ikudontha. Mukatero ipatseni magetsi a 12V kuchokera ku batire kwa kamphindi: iyenera kumveka kuti thi, singano n'kugwa nthawi yomweyo. Yezaninso koyilo ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Ambiri mwa mavalavuwa amaonetsa ma ohm pafupifupi 20 mpaka 30, koma chiwerengero choyenera galimoto yanu chili m'buku lake. Kumva kuti thi kokha si umboni woti ili bwino, popeza valavu imatha kulira koma osatseka mokwanira. Ikapambana mayeso onsewa, vuto lili kwina, ndipo njira yolondola ndi makina opopera utsi m'mapayipi kuti muone pamene ukutulukira. Musapopere mpweya wa kompuresa m'menemo. Mphamvu yake ikhoza kuwononga thanki ndi sensa yake.

Valavu yokakamira potsegula imadziulula. Galimoto imavuta kulira mukangomaliza kuthira petulo, chifukwa nthunzi yokankhidwa m'thanki imadzaza manifold. Injini imanjenjemera galimoto itaima, nthawi zina n'kuzima. Yokakamira potseka ndiyo yachinsinsi: galimoto imayenda bwino, koma canister imakhuta, fungo la petulo n'kuyamba kumveka.

Chimene chikutipweteka mtima kwambiri ndi chizolowezi chopitiriza kuthira petulo mpope wapafilingi siteshoni utadula kale, ena mpaka kugwedeza galimoto kuti alowe wambiri. Canister inapangidwira nthunzi, osati petulo wamadzi. Akalowamo, timakala timafumbutuka, tizidutswa take timayenda m'payipi n'kukatsakamira pamene valavu imatsekera. Mukachotsa valavu yakale, igogodeni pa pepala loyera. Pakagwa timibulu takuda ngati mchenga, canister nayo yatha. Mukaika valavu yatsopano osasintha canister ndi kuyeretsa mapayipi, yatsopanoyo idzatsekeka chimodzimodzi, ndipo canister imadula kuposa valavu, nthawi zambiri kangapo konse. Mpope ukadula koyamba, lekerani pomwepo.

Pogula, tengani nambala yolembedwa pa valavu yakale kapena nambala ya chasisi. Mavalavu ena amafanana kunja koma amasiyana pulagi ndi kuchuluka kwa mpweya umene amadutsitsa. Yachikale yochokera m'galimoto yophwasulidwa iyesedwe ndi kapampu kaja musanalipire. Poika, onani muvi ngati ulipo. Uloze ku injini. Timakilipi tapulasitiki ta mapayipi timauma ndi kutentha, choncho tikanikizeni ndi zala, osati kutikanula ndi sikuludilaiva, chifukwa pa magalimoto ena kakathyoka kamodzi mumagula payipi yonse.

Mukafufuta nambala ya vuto, nyali kuzima sikutanthauza kuti ntchito yatha. Kompyuta imayesa dera la nthunzi ya petulo pokhapokha zinthu zina zikakwanira, kawirikawiri injini italizidwa ili yozizira ndipo thanki ili pakati pa 15% ndi 85%. Izi zimatha kutenga masiku angapo mukuyenda. Gwirizanani ndi makaniko musanachoke kuti nambala yomweyo ikabweranso, adzaionanso popanda kukulipiritsani kachiwiri ndalama yofufuzira.

Ndife,
Amakaniko a magalimoto