Kwa mwana wanga amene ali pasukulu ku Minneapolis

Zomba
19 Julayi 2020

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe kumeneko. Chifuwa cha abambo ako chija chinatha. Chinali cha chiperoni basi, ngakhale masiku ano ukangotsokomola mu minibasi aliyense amakucheukira ndi diso loipa. Agogo ako akupereka moni, ndipo funso lawo ndi lomwe lija, loti kodi ukudya.

Ndalemba kalata chifukwa nkhani imene tinaisiya panjira Lamlungu lapitali si yokamba pa foni bandulo ikutha, wina akungokuwa kuti "mukundimva?" Unandifunsa ngati ndinakwiya nditamva kuti unapita ku zionetsero zodandaula imfa ya George Floyd, bambo wakuda amene wapolisi anamupha kumeneko. Amalume ako ndi amene anayamba kuona chithunzi chako pa Facebook utanyamula chikwangwani, ndipo anandiimbira usiku womwewo mawu ali m'mwamba: "Achemwali, muuzeni mwanayo kuti tinamutumiza kukaphunzira. Za anthu akuda a ku America azisiyire eni ake." Anayankhula chifukwa chokukonda, ndiye ukawaimbira usawayankhe mwamwano. Koma ine sindikugwirizana nawo. Ndi iwenso sindikugwirizana nawe pa zonse, choncho uwerenge mpaka kumapeto.

Vidiyo ya George Floyd ndinaionera pa foni ya mlongo wako. Bambo wa zaka 46, unyolo uli kale m'manja, chafufumimba pa tala, wapolisi atamukanikiza ndi bondo pakhosi kwa mphindi zoposa 8, magalasi ali pamutu, nkhope ili phee. Anthu m'mbali akuchonderera, iye osasuntha. Mlandu wake akuti anagula fodya ndi ndalama yachinyengo ya $20, imene kuno ndi pafupifupi K15,000, yosagula ngakhale thumba la feteleza. Chimene sichinandichoke m'makutu ndi pamene anayamba kuitana mayi ake. Ndinamva pambuyo pake kuti mayiwo anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Ndipo malowo, pamphambano ya 38th Street ndi Chicago Avenue, unandiuza wekha kuti umadutsapo pa basi. Ndiye ndikwiyirenji? Ukanaona zimenezo n'kutseka chitseko n'kupitiriza zako, ndikanadzifunsa kuti kodi ndinalera ndani.

Amalume ako akuganiza kuti pasipoti ya Malawi imaoneka pankhope. Wapolisi akakuimitsa usiku sayamba wafunsa ngati kwanu ndi ku Zomba kapena ku Mississippi. Mu Febuluwale 1999, ku Bronx mumzinda wa New York, apolisi anayi anaombera zipolopolo 41 mnyamata wa ku Guinea, Amadou Diallo, ali pakhomo la nyumba imene ankakhala. Anali ndi zaka 23, msinkhu wako womwewu, ndipo chimene anatulutsa m'thumba chinali chikwama cha ndalama. Khoti linawapeza osalakwa onse anayi. Pafupi ndi kumene ukukhalako, ku Falcon Heights, mu 2016 wapolisi anapha Philando Castile, amene ankagwira ntchito yodyetsa ana pasukulu, atamuimitsa pamsewu, chibwenzi chake ndi kamwana ali m'galimoto momwemo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Palinso ngongole imene ife Amalawi sitiikumbukira. John Chilembwe, amene nkhope yake timayenda nayo pa K2,000, atapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, sukulu imene inamulandira ku Lynchburg, Virginia, inali ya anthu akuda. Mpingo wa Baptist wa anthu akuda ndi umene unamuthandiza kuyambitsa mishoni ku Mbombwe atabwerako mu 1900, ndipo Mayi Emma DeLaney amene anabwera kudzaphunzitsa pamishoniyo anali wakuda wa ku America. Kamuzu naye udokotala anaupeza ku Meharry, ku Nashville, mu 1937, pa nthawi imene sukulu za azungu za kumwera kwa dzikolo sizikanamulola kulowa m'kalasi. Iwe lero umakhala mpando uliwonse umene wafuna mu basi chifukwa agogo a anzakowo anamenyedwa. Dzana wamwalira John Lewis, womenyera ufulu wa anthu akuda, amene apolisi anamuswa mutu pamlatho wa ku Selma mu 1965 ali ndi zaka 25 zokha.

Choncho ukakhala ndi anzako ochokera kuno ku Africa, iwo n'kuyamba nkhani zija zoti akuda a ku America ndi aulesi, amangodandaula pamene ife tikubwera n'kumapambana, usamagwedeze mutu. Iwe unakulira m'dziko limene mphunzitsi, dokotala, woweruza ndi wapolisi onse anali akuda ngati iwe. Umphawi tinali nawo, koma palibe anakuphunzitsapo uli mwana kuti khungu lako ndi mlandu. Iwo anakula nazo zimenezo, makolo awonso chimodzimodzi. Ukapita kumisonkhano yawo uzimvetsera kwambiri kuposa kuyankhula.

Tsopano mbali imene sukonda kuimva. Nkhaniyi ndi yakonso, koma chitetezo chimene anzako ali nacho iwe ulibe. Mnzako wobadwira ku Minnesota akamangidwa pa zionetsero, makolo ake amakamutenga, loya n'kupezeka, sukulu n'kupitiriza. Iwe uli pa viza ya ophunzira, ya F-1. Dzina lako likangolowa m'buku la apolisi, ngakhale mlandu utathera m'malere, tsiku limene udzafune viza ina fomu idzakufunsa ngati unamangidwapo, ndipo udzayenera kuvomera. Mwezi uno waona wekha kuti kukhala kwako kumeneko n'kosalimba. Pa 6 Julayi, ife tikukumbukira ufulu mwakachetechete chifukwa cha mliri wa korona, a ICE, nthambi ya boma la America yoona za anthu obwera, analengeza kuti ophunzira akunja amene maphunziro awo onse akhale a pa intaneti achoke m'dzikomo. Munalakwa chiyani? Palibe. Zinatengera mayunivesite a Harvard ndi MIT kukamang'ala kukhoti kuti boma libweze lamulolo pa 14 Julayi. Sabata imeneyo tulo sindinatione, chifukwa ndinkadzifunsa kuti akakuthamangitsa udzera kuti, poti ndege zonyamula anthu zinaleka kutera ku Lilongwe ndi ku Chileka kuyambira pa 1 Epulo.

Sindikukuletsa kupita. Ndiwe wamkulu, ndipo ngakhale nditakuletsa ndili kuno ndingadziwe bwanji? Koma uzipita masana, ndi anthu owadziwa, ndipo dzuwa likapendeka uzibwerera. Akalengeza lamulo loletsa kuyenda usiku, ngati lija la 8 koloko limene anaika kumapeto kwa Meyi, nthawiyo izikupeza uli m'nyumba ngakhale anzako akuseke. Mademo timawadziwa ifenso. Chaka chatha ku Lilongwe ndi ku Blantyre m'mawa kunkabwera anthu a zikwangwani, madzulo n'kubwera a matumba, ndipo utsi wokhetsa misozi sunkasankha. Unandiuza wekha kuti masitolo ambiri amene anaphwanyidwa pa Lake Street anali a anthu obwera, Asomali ndi a ku Mexico, amene analibe mlandu ndi munthu. Ukaona galasi loyamba lasweka, usaime kuti ujambule. Mawa pa 20 Julayi zikwana zaka 9 chiphedwere anthu 20 pa zionetsero zathu za 2011, ndipo ku Mzuzu ndi kumene kunafa ambiri. Ena mwa iwo sanali n'komwe pa zionetserozo.

Za apolisi pamsewu ndikudziwa kuti anzako anakuuza kale, koma umvenso kwa ine. Ukabwereka galimoto ya mnzako uja n'kuimitsidwa, manja akhale pa chiwongolero. Usapise dzanja m'thumba kapena pansi pa mpando usananene chimene ukufuna kutenga. Usatsutsane nawo pamsewu ngakhale iwo ndi amene alakwa. Za mlandu zikakambidwa kwina, uli moyo. Zimandiwawa kulemba zimenezi kwa mwana amene ndinamuphunzitsa kuyang'ana munthu m'maso ndi kufunsa chifukwa chake. Koma ndalemba.

Ukuona kuti boma lathu lasintha ndi chisankho cha pa 23 Juni. Misewu inathandiza, sindikana. Koma oweruza asanu aja pa 3 Febuluwale anafafaniza chisankho cha 2019 chifukwa panali anthu amene anakhala pansi miyezi yambiri akuwerenga mapepala a zotsatira limodzilimodzi, kuloza pamene panapakidwa Tippex. Kwanukonso, chimene chinamangitsa Derek Chauvin, wapolisi wa bondo uja, ndi foni ya mtsikana wa zaka 17 amene anaima pamenepo osagwedeza dzanja mpaka mapeto, pamene lipoti loyamba la apolisi linkangonena kuti munthuyo anadwala. Ntchito zotere zilipo zambiri ndipo sizionekera pa Facebook. Unanena kuti pafupi nawe pali tchalitchi chimene chikugawa chakudya kwa mabanja amene masitolo a m'dera lawo anapsa. Pita ukanyamule nawo makatoni.

Koma chimene chandilembetsa kwenikweni kalatayi ndi mawu amene unawanena mothamanga titatsala pang'ono kudula foni, oti mwina teremu ikubwerayi uyambe wapuma. Ndinawamva. Ndinaonanso ndevu, makatani otseka masana, ndi mbale zimene zinali pa desiki kumbuyo kwako. Kuyambira mu Malichi uli m'kachipinda kamodzi, kalasi ndi laputopu, laibulale ndi laputopu, tchalitchi ndi laputopu yomweyo. Ganyu ya pasukulu ija inatha, ndipo cheke cha $1,200 chimene anzako analandira kuboma iwe sichinakukhudze. Mlongo wako akuti umayankha mauthenga nthawi imene kwanuko ndi 3 koloko usiku. Ndikuganiza kuti zionetsero zinakukoka pa zifukwa ziwiri: chilungamo, komanso kuti kanali koyamba m'miyezi itatu kuima pakati pa anthu. Chachiwirichi si tchimo. Koma chikundiuza kuti kusungulumwa kwakudya kuposa mmene ukuvomerera.

Usasiye phunziro ngakhale limodzi usanayankhule ndi a ku ofesi ya ophunzira akunja, chifukwa viza yakoyo imafuna kuti ukhale ndi maphunziro okwanira teremu iliyonse, ndipo ukachepetsa wekha mwakachetechete ukhoza kuitaya popanda wapolisi aliyense kukukhudza. Walembere mawa. Uwauze zoona, kuti mutu sukugwira. Alangizi a za maganizo amene unati alipo pasukulupo, pita ukawaone, kaya ndi pa Zoom pomwepo. Kuno timati mwamuna salira, ndipo taika m'manda anyamata ambiri amene anamvera mawu amenewo. Abambo ako ndawawerengera ndime imeneyi ndipo sanatsutse.

Zina ndi zazing'ono koma uzichite. Uzidzuka m'mawa, kusamba, kuvala ngati ukupita kukalasi, ndipo kamera uziyatsa kuti mphunzitsi akudziwe nkhope. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo mwana amene ndimamuthandiza msanga ndi amene ndikumuona. Uziphika. Ufa umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa, ndipo nyemba ndi kabichi sizodula kulikonse. Madzulo uzituluka kukayenda m'mbali mwa nyanja zanu zija nyengo idakali yofunda, chifukwa ikafika Novembala udzazifuna. Masiki usamavule pagulu, ngakhale pofuula. Matendawa kumeneko akupha anthu akuda kwambiri kuposa azungu, ndipo ukadwala ulibe wokuphikira phala.

Kuno sukulu zili chitsekere kuyambira pa 23 Malichi. Mlongo wako mayeso a Fomu 4 sakudziwa kuti alemba liti. Amawerenga m'mawa, masana n'kumathandiza kusoka mamasiki amene tikugulitsa pamsika. Ana anga a Sitandade 8 akuti aziphunzira pa wailesi, koma nyumba zambiri wailesi ndi ya bambo, ndipo mabatire amasungira nkhani ndi ndale. Sabata yatha ndinakumana ndi mtsikana wina wa m'kalasi langa kuchigayo, amene masamu ankaposa anyamata onse. Atandiona anakokera chitenje m'mwamba n'kuyang'ana kumbali. Ndinamupatsa moni, ndinamuuza kuti akadzachira adzabwerere, malamulo amalola. Anangoti "chabwino madamu." Sindikulemba izi kuti uchite manyazi ndi mavuto ako, ayi. Kutopa kwako n'koona. Ndikungofuna udziwe kuti mliriwu ukuchotsa ana pasukulu mwakachetechete, aliyense ndi chifukwa chake chomveka, ndipo ambiri amene amati "ndiyambe ndapuma" sabwerera.

Matenda nawo akwera kuno chibwerereni anthu pa mabasi kuchokera ku Joni kudzera pa Mwanza. Agogo ako tawaletsa kupita kumaliro, ndipo akutinena kuti tawasandutsa mkaidi.

Za lendi usadandaule nazo wekha. Amalume ako omwewo ndi amene anena kuti athandiza ya Ogasiti, ndiye uwaimbire uwathokoze, nkhani ya chithunzi ija usaiyambe ndiwe. Unditumizire pa WhatsApp chithunzi cha I-20 yako, pepala la kusukulu la za viza lija, ndi tsamba la pasipoti kuti tikhale nazo kuno, komanso nambala ya mnzako mmodzi amene ndingamuimbire foni yako ikapanda kupezeka. Lamlungu tidzaimba 7 koloko madzulo, kwanuko ili 12 koloko masana. Ndikufuna ndidzamve zimene a ku ofesi aja akuyankha.

Ndine mayi ako.