Kalata kwa mwana wanga ku Dallas, za khadi la kusitolo lija

South Bend, Indiana

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti wadzuka bwino. Kuno tilipo, kupatula bondo langa lija lomwe limayamba kubaya kukangozizira. Bambo ako akupereka moni.

Lamlungu pa foni sindinafune kukudula mawu, poti unali ndi chimwemwe cha nyumba yatsopanoyo, ndipo nanenso ndakondwa. Koma nkhani ya sofa ndi matiresi ija yandikhala pamtima. Unati mnyamata wogulitsa wakuuza kuti ukatsegula khadi lawo, msonkho akulipirira okha, ndiponso kwa chaka chathunthu sipakhala chiwongoladzanja. Wakula, ndalamazo umazikhetsera thukuta wekha, sindingakuletse. Ndikungofuna kuti usanasaine udziwe chimene ukusainira.

Khadilo lalembedwa dzina la sitolo, koma wokukongoza ndi banki. Mwachitsanzo, makhadi a sitolo ya Lowe's amaperekedwa ndi banki ya Synchrony, a Home Depot ndi a Best Buy ndi Citibank, ndipo sitolo yakoyo nayonso ili ndi banki yake kumbuyo. Zikadzavuta, mnyamata womwetulira uja sadzapezeka pa nkhaniyo. Makhadi otere savuta kupeza, ngakhale kwa munthu amene wangoyamba kumene ntchito ngati iwe, ndipo n'chifukwa chake chiwongoladzanja chake chimakhala chokwera kuposa cha makhadi wamba: ambiri chimafika 30 peresenti pachaka, ena kupitirira apo.

Za msonkhozo tiwerengere limodzi. Ukudziwa kuti kwathu mtengo wa pashelefu ndi womwewo umalipira, VAT imakhala m'kati kale. Kuno amauwonjezera pa kauntala. Kwathu kuno ku Indiana ndi 7 peresenti, kwanuko ku Dallas ndi 8.25: boma la Texas limatenga 6.25, yotsalayo imagawidwa pakati pa mzinda ndi bungwe la mabasi ndi sitima. Katundu wakoyo unati ndi $1,200, ndiye kuti msonkho wake ndi $99. Akamati akulipirira msonkho, usaganize kuti boma lakukhululukira. Boma lilandira ndithu gawo lake. Sitolo yangotsitsa mtengo ndi ndalama yosafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi, kenako yaipatsa dzina lokoma, podziwa kuti palibe munthu amakonda msonkho. $99 ndi ndalama, sindikunyoza. Koma masitolo a mipando amatsitsa mitengo pa maholide a Memorial Day ndi Labor Day, ndi nthawi zina zambiri, ndipo ambiri amalola kunenerera. Ukawafunse kuti munthu wolipira ndalama yonse lero amuchotsera zingati, ukaonenso mtengo wa matiresi omwewo kwina.

Kukhululuka msonkho kwenikweni kuliko kwanuko. Chaka chilichonse mu Ogasiti, sukulu zikayandikira kutsegulira, boma la Texas limapereka masiku atatu, Lachisanu mpaka Lamlungu, oti zovala, nsapato, zikwama ndi zipangizo za kusukulu zosafika $100 chimodzi zigulidwe popanda msonkho. Pamenepo safunsa khadi la aliyense. Sofa mulibemo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwenikweni ndi chaka chopanda chiwongoladzanja chija. Ukatenge pepala la mgwirizano, ufufuze mawu oti deferred interest. Ukawapeza, dziwa kuti chiwongoladzanjacho sichinachotsedwe. Banki imachiwerengera mwakachetechete kuyambira tsiku lomwe wagula, n'kumachisunga pambali. Ukamaliza ngongole yonse miyezi 12 isanathe, imachifufuta. Koma pakatsala kangachepe, kaya $50, kaya $5, imakuthira chonse cha chaka chathunthu nthawi imodzi. Tinene kuti walimbika, mwezi ndi mwezi ukulipira pafupifupi $96, pamapeto pangotsala $50. Pa 30 peresenti, chiwongoladzanja chimene chidzakugwere ndi cha m'ma $200. Msonkho uja wa $99 wabwezedwa kawiri. Wakatapila wa kumudzi bola, amakuuziratu maso ndi maso kuti ukatenga zakuti udzabweza zakuti. Awa amazilemba ndithu, koma ndi tizilembo toti ine mpaka nditavala magalasi.

Pali msampha wina pa sitetimenti yomwe. Mwezi uliwonse amalemba kandalama kochepetsetsa koyenera kulipira, mwina $35 kapena $40. Kandalama kameneko kamangokuteteza ku chindapusa, sikanakonzedwe kuti kamalize ngongole m'chaka. Wolipira kokhako amafika mwezi wa 12 ngongole yoposa theka ikadalipo, iye akudziona ngati munthu wokhulupirika amene sanaphonyepo. Iwe ugawe $1,200 ndi 11, osati 12, uzilipira $110 mwezi uliwonse, kuti mwezi womaliza ukhale wongotsimikizira. Uyang'anenso tsiku limene nthawi yapaderayo ikutha, chifukwa nthawi zina silifanana ndi tsiku lolipira la mwezi umenewo.

Ndipo khadilo usagulirenso china chilichonse mpaka sofa itatha, ngakhale pilo. Lamulo limati ndalama yoposa kochepetsetsa kaja ipite kaye ku ngongole ya chiwongoladzanja chokwera. Ndiye ukagula makatani pa khadi lomwelo, gawo lalikulu la $110 yako limayamba lazimitsa makatani, ya sofa ikutsika pang'ono chabe. Ndi m'miyezi iwiri yomaliza yokha mmene banki imakakamizidwa kuiponya ku ngongole yapaderayo, ndipo pamenepo madzi amakhala afika kale m'khosi.

Tsopano za kuchedwa. Malamulo a makhadi amene anakhazikitsidwa mu 2009 amati sitetimenti izitumizidwa masiku osachepera 21 tsiku lolipira lisanafike, ndipo tsikulo lizikhala lomwelomwelo mwezi uliwonse. Chofunika n'chakuti ndalama ifike kubanki, osati kuti iwe waitumiza, ndipo mabanki ena amatseka kawerengedwe ka tsikulo 5 koloko madzulo. Ukachedwa ndi tsiku limodzi, chindapusa chake ndi cha m'ma $30. Ukabwerezanso m'miyezi isanu ndi umodzi yotsatira, chimakwera kufika m'ma $40. Sichiloledwa kuposa kandalama kochepetsetsa ka mwezi umenewo, ndiye ukadzaona chaposa, ukadandaule. Anzathu ena pa WhatsApp akufalitsabe kuti chindapusachi chinatsika kufika pa $8. Bungwe la boma loteteza anthu pa nkhani za ngongole ndi mabanki, la CFPB, linalengezadi zimenezo mu 2024, koma mabanki ndi amalonda anakasuma, ndipo mu Epulo 2025 khoti la ku Fort Worth, pafupi ndi kwanuko, linathetsa lamulolo lisanagwire ntchito n'komwe.

Chindapusa chimapweteka, koma chimatha. Chosatha msanga ndi mbiri. Ukachedwa masiku 30, banki imatha kukanena ku Equifax, Experian ndi TransUnion, makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, ndipo banga limenelo limakhala pa dzina lako zaka 7. Iwe amene ukufuna galimoto chaka chamawa, udzakongola pa mtengo wokwera chifukwa cha sofa. Eninyumba ambiri nawonso amayang'ana komweko asanakupatse makiyi. Akakwana masiku 60, banki imaloledwa kukweza chiwongoladzanja ngakhale pa ngongole yakale, ndipo nthawi yapadera ija ikhoza kuthera pomwepo.

Ndikudziwa mmene mashifiti a usiku amasokonezera mutu, munthu osadziwanso kuti lero n'lachingati. Choncho usadalire kukumbukira. Ukonze kuti $110 ija izichoka yokha mu akaunti yako, ndipo upemphe banki ikusunthire tsiku lolipira kuti lizibwera malipiro atalowa kale, mabanki ambiri amalola. Uzionetsetsa kuti mu akauntimo muli ndalama, chifukwa malipiro akabwezedwa palinso chindapusa china. Zikadzachitika kuti waphonya, ulipire tsiku lomwelo, kenako uimbe foni upemphe mwaulemu kuti akuchotsere. Koyamba nthawi zambiri amachotsa. Usachite manyazi, ndalama ndi yako.

Pali china chimene mnyamata wa kusitolo sangachidziwe. Foni ya kumudzi sipangana tsiku. Maliro, fizi ya azisuweni ako, feteleza wa agogo ako, zonsezi zimabwera pakati pa mwezi, ndipo ndikukudziwa, dzanja lako silichedwa kutambasuka. Pa ngongole ya mtundu umenewu, mwezi umodzi wotumiza kumudzi ndalama ya khadi ukhoza kugwetsa khama la chaka chonse. Zoterozo zikadzagwa undiuze ine kaye, tidzaona pogwira ndi bambo ako. Usakhale chete n'kudumpha mwezi.

Ukandifunsa maganizo anga, ndingati matiresi ugule ndi ndalama yomwe uli nayo, poti munthu wogwira ntchito ataimirira ayenera kugona pabwino, sofa idikire miyezi itatu kapena inayi. Alendo ako akhala pa mipando ya patebulo, safa nazo. Koma sindikunama kuti khadi lilibe ubwino: wolipira mwadongosolo amamanga mbiri yabwino, ndipo iwe ukuifuna. Ungodziwa kuti makhadi a m'sitolo amapereka malire ochepa, ndiye $1,200 pa malire a $1,500 imaoneka ngati wadzaza khadi, ndipo credit score yako, nambala yosonyeza kukhulupirika kwako pa ngongole, ikhoza kuyamba yatsika isanakwere.

Usanapitenso kusitoloko Loweruka, ujambule tsamba lija lokhala ndi bokosi la maperesenti ndi zindapusa, unditumizire, tiwerenge limodzi pa foni Lachisanu ukaweruka. Undiuzenso ngati wapeza tchuthi cha Thanksgiving, kuti tidziwe ufa wogula.

Ndine mayi ako.