Pulani ya paki ya ku Cape Maclear tilembere limodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya mapulani oyendetsera malo otetezedwa a kunyanja, makamaka Lake Malawi National Park kwathu kuno ku Mangochi. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, mu 1984 a UNESCO nkuiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha tinsomba ta mbuna tija azungu amabwera kudzajambula. Koma musaiwale kuti midzi ngati Chembe, Msaka ndi Mvunguti inalipo kale pakiyo isanabwere, ndipo anthu ake amadya za m'madzi momwemo.

Lamulo limati osaponya ukonde mkati mwa mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi zilumba monga Thumbi ndi Domwe. Zabwinobwino, ifenso mbuna sitikufuna zithe. Koma taganizani, ndi usiku, mwezi kulibe, alovi ali pa ukonde wa chilimira akuthamangitsa usipa ndi nyali, mwera nawo ukukankha bwato, ndiye mamita 100 amenewo athera pati poti pamadzi palibe mzere? Pulani yolembedwa m'Chingerezi, yokhuthala ngati Baibulo, nkukaikhazikitsa kuhotela anthu atalandira ma alawansi, funso limeneli siingayankhe.

Olemba mapulani apite kaye ku chilumba cha Mbenji ku Salima akaone. Kumeneko kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu ndi asodzi amatseka okha usodzi nyengo ya dzinja kuti utaka uswane, mowa ndi njuga pachilumba nzoletsedwa, ndipo msodzi aliyense malamulowo amawadziwa pamtima poti ndi awo omwe.

Ndiye ine ndikuti polemba pulani muyambire padoko, mukhale pansi ndi makomiti oyang'anira usodzi m'madoko (ma BVC), amayi otola nkhuni m'phiri, anyamata onyamula alendo pamaboti ndi eni malo ogona alendo omwe. Mulembe m'Chichewa ndi m'Chiyao, masamba ochepa basi, zomveka: zoyandama zosonyeza malire aika ndani, nkhuni titole masiku ati, wogwidwa akusodza ndi neti ya udzudzu atani naye, nanga pa ndalama zolowera kupaki mudzi upezapo zingati. Za kukwera kwa madzi zilowemonso, tonse tinaona mu 2024 nyanja italowa mpaka m'zipinda za malo ogona alendo omangidwa pamchenga penipeni.

Mukamaliza, kope limodzi mudzatipachikire pafupi ndi mathandala oyanika usipa.

Wokhudzidwa,
Monkey Bay