Mnyamata watsopano mutimu yanga: ndizimuseweretsa mphindi zingati?

Okondedwa a Malangizo,

Ndine mphunzitsi kuno ku Zomba, ndipo madzulo ndikaweruka ndimaphunzitsa timu ya basketball ya anyamata a m'dera lathu. Sindilandirapo kanthu, ndimangowakonda masewerowa. Ndakulemberani chifukwa pali nkhani imene yandisowetsa tulo milungu itatu tsopano.

Chaka chino mutimu mwathu mwabwera mnyamata wa zaka 17. Ndi wamtali kuposa onse, ndipo akalumpha amakhudza ringi mosavutikira. Kuchokera kwawo amayenda wapansi pafupifupi ola lathunthu, koma ndiye amayambirira kufika, ndipo mvula ikagwa mumamupeza akukankha madzi pabwalo ndi tsache anzake asanabwere. Nsapato zake zidasosoka kunsi, adachita kumata ndi guluu. Vuto n'lakuti basketball waiyamba mochedwa. Anthu awiri akamupanikiza ali ndi mpira, amabalalika n'kungouponya paliponse.

Paja gemu yathu imakhala ya mphindi 40, zigawo zinayi za mphindi 10, ndipo pabwalo pamakhala osewera asanu. Ndiye kuti mphindi zonse zimene ndingagawire anyamata 12 ndi 200 basi. Ndikapatsa mwanayu mphindi 10, ndalanda kwa wina amene wakhala nane zaka zinayi, amene amasonkha ndalama ya minibasi kuchokera m'thumba mwake tikamapita kukasewera kutali.

Mwezi watha tinkatsogola ndi mapointi 6, kutatsala mphindi zinayi. Ndinaona kuti nthawi yake ndi imeneyi, ndipo ndinamulowetsa. Anataya mpira katatu motsatizana, n'kuchita mafaulo awiri, ndipo tinagonja ndi mapointi 2. Kaputeni, thukuta lili kamukamu, anandiyandikira n'kunena kuti, "Akochi, mwatiphera gemu dala. Mwanayu aziphunzirira ku tirening'i, osati pano." Mawu amenewo sanandipweteke kwambiri. Amene anandilasa mtima ndi a mwanayo. Anadikira onse atachoka, ali chikhalire pabenchi thaulo lili kumutu, n'kunena chapansipansi kuti, "Akochi, musadzandilowetsenso, ndikuwonongera anzanga." Kuchokera tsikulo wajomba kawiri, zimene sanachitepo n'kale lonse.

Ndimatsatira NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, ndipo kumeneko ndimaona zinthu zimene zimangondiwonjezera maganizo. Darko Milicic anasankhidwa pa nambala yachiwiri pamene matimu a NBA ankasankha osewera atsopano mu 2003, patsogolo pa Carmelo Anthony ndi Dwyane Wade. Timu ya Detroit imene inamutenga inali ikusaka chikho, ndipo inachitengadi mu 2004, koma iye ankangothera pabenchi, ndipo sanafikepo pamene anthu ankayembekezera. Giannis Antetokounmpo anafika ku Milwaukee mu 2013 ali wowonda, wa zaka 18. Timu inali yofooka, choncho anamulola kusewera pafupifupi theka la gemu iliyonse, akulakwitsa pamaso pa anthu. Mu 2021 anaitengera timuyo chikho. Komabe Kobe Bryant chaka chake choyamba, mu 1996, ankayambira pabenchi n'kumasewera mphindi pafupifupi 15 zokha, ndipo sizinamuphe luso.

Amene amandikhudza kwambiri ndi Pascal Siakam wa ku Cameroon, poti nayenso basketball anaiyamba mochedwa ngati mnyamata wangayu. Toronto itamutenga mu 2016, inamutumizako ku timu yake yaing'ono, Raptors 905, kuti azikasewera mokwanira. Kumeneko anatenga chikho mu 2017, ndipo patangotha zaka ziwiri anatenganso cha NBA. Zoonadi mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ine dziwe lachiwirilo ndilibe. Timu yaing'ono tilibe, ndipo magemu ongoyeserana ndi osowa chifukwa cha mayendedwe.

Pansi pa mtima ndimakhulupirira kuti munthu saphunzira kupirira phokoso la anthu ndi wezulo ya refu ali pabenchi. Ku tirening'i anzake amamumvera chisoni, pagemu adani samunyengerera. Komanso ndikuvomera kuti ndinalakwitsa nthawi yomulowetsera. Mwina ndikanamupatsa mphindi zitatu m'chigawo chachiwiri, ali pakati pa akuluakulu anayi omutchinjiriza, n'kumuuza ntchito imodzi yokha: kugwira mipira yobwerera kuchokera pa ringi. M'malo mwake ndinamusenzetsa gemu yonse pamutu nthawi yovutitsitsa.

Ndithandizeni, a Malangizo. Kodi ndiike lamulo loti watsopano aliyense azisewera mphindi zakutizakuti gemu iliyonse, kaya tikupambana kaya tikugonja, kapena mphindizo azichita kuzikhetsera thukuta? Nanga akuluakuluwa ndiwauze chiyani kuti asaone ngati ndikuwapeputsa? Awiri anena kale kuti zikapitirira apita ku timu ina, ndipo popanda iwowo ligi sitingaimalize. Makamaka ndikufuna mundiuze mawu oyenera kulankhula ndi mwanayu. Ndikuganiza zopita kwawo kukacheza ndi mayi ake, koma ndikuopa kuti angachite manyazi, aone ngati ndakamuneneza.

Loweruka likudzali tili ndi gemu ina, ndipo papepala la osewera dzina lake sindinalilembe kapena kulichotsa.

Ine wanu,
Kochi wothedwa nzeru, Zomba