Tisagulitse luso la amisiri athu pa sikelo ya zitsulo zakutha

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokoze zimene ndaona pa miyezi 14 imene ndakhala ndikudzutsa njinga yamoto yakale yomwe malume anga anasiya. Nkhaniyi yayambira pa mthuthuthu umodzi wa pabanja pathu, koma ikukhudza amisiri osema ndi kusula zitsulo a m'dziko muno, amene akukalamba popanda owalowa m'malo.

Njingayo ndi BSA Bantam ya mtundu wa D7, ndipo malumewo anabwera nayo kuchokera ku Bulawayo, kumene anakagwira ntchito monga ankachitira amuna ambiri a kuno masiku amenewo. Atamwalira, inakhala zaka zoposa 30 m'kanyumba kosungiramo makasu kumudzi kwathu ku Chiradzulu, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, kufikira tsiku limene anyamata ogula zitsulo zakutha anafika ndi sikelo yawo nkufuna kuiyeza pa kilo ngati poto wobooka. Mayi anga aang'ono anakana, nandiimbira foni madzulo omwewo kuti ndikaitenge msanga chifukwa ana a pakhomo anali atayamba kale kuwanyengerera.

Kampani ya BSA inali ku Birmingham m'dziko la England, ndipo inapanga njinga za Bantam kuyambira mu 1948 mpaka mu 1971, potengera kapangidwe ka njinga ya ku Germany yotchedwa DKW RT 125, kamene a ku Britain anatenga itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. D7 inayamba kutuluka mu 1959, ili ndi injini ya 175cc ya magiya atatu, ndipo ndi ija ya two-stroke yothira oyilo m'petulo momwemo. Kampaniyo inagwa mu 1973. Masipeya a njinga zimenezi amapezekabe kwa amalonda ena ku Britain, koma aliyense amene wayesapo kuitanitsa katundu kunja masiku ano akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, makamaka chichokereni pamene kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nditawerengera mtengo wa kachitsulo kamodzi pamodzi ndi wotumizira ndi msonkho, ndinaona kuti njira inali imodzi yokha, yopangitsa konkuno chilichonse chimene chingapangike.

Phunziro loyamba ndinalilandira mowawa. Makaniko wina wachinyamata, waluso ndithu pa njinga za kabaza, anaona kuti nati ina ya pa injini yasowa, natenga nati ya milimita 8 ya mazinga aang'ono, mizere ija yozungulira m'kati mwa nati ndi pa bawuti. Inalowa bwinobwino kwa mizere ingapo kenako inalimba, iye nkuikakamiza ndi sipanala mpaka mazinga a bawuti anaphwanyika. Sindimuimba mlandu mnyamatayo, chifukwa palibe amene anamuuzapo kuti padziko pano pali mazinga ena osakhala a milimita. Njinga za ku Britain za nthawi imeneyo zimayezedwa pa inchi, ndipo mabawuti ake ambiri ali ndi mazinga otchedwa British Standard Cycle, amene amakhala 26 pa inchi iliyonse. Bawuti ya 5/16 ya inchi ndi yokula milimita 7.94, ndipo kuchokera pa zinga lina kufika pa linzake pali pafupifupi milimita 0.98, kotero nati ya milimita 8 ya mazinga otalikirana milimita imodzi imanamiza dzanja kuti yakwana pomwe siinakwane. Ngakhale masipanala ake ndi ena, a muyezo wa Whitworth, dzina la Joseph Whitworth amene anakhazikitsa muyezo wa mazinga ku England mu 1841, ndipo nambala yolembedwa pa sipanala yotere imanena za kukula kwa bawuti, osati kwa mutu wake.

Amene anandimasulira zonsezi ndi bambo wina wachikulire wa ku Ndirande, amene anaphunzira ntchito ali mnyamata m'mashopu okonzera sitima ku Limbe. Ali ndi makina a lathe, aja osemera chitsulo pochizungulitsa, akale kwambiri m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba yawo. Nditawapatsa bawuti yowonongekayo sanayankhule kanthu, koma anaitsuka ndi palafini, naika rula ya chitsulo pambali pake, nawerenga mazinga ndi nsonga ya singano mpaka anapeza 13 pa theka la inchi. Pamenepo anandifunsa kuti, “Mwanawe, njinga ya Angelezi imeneyi waitenga kuti?” Makina awo amadula mazinga a inchi mosavuta chifukwa nawonso ndi a muyezo womwewo, ndipo anandionetsa giya ina ya mano 127, yokulungidwa m'kansalu ka oyilo, imene amaika akafuna kudula mazinga a milimita. Chinsinsi chake nchakuti inchi imodzi ndi milimita 25.4, ndipo 254 ukaigawa pawiri umapeza 127. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti masamu amene ana athu amaloweza m'kalasi popanda kuona ntchito yake ali m'kagiya kamene kali m'bokosi la mkulu uyu, ndipo palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene akubwera kudzakaona.

Anandisemera mabawuti atsopano asanu ndi limodzi, kenako tinafika pa mabushi a mafoloko akutsogolo, timapaipi tija tafupitafupi timene foloko imatsetserekamo, amene anali atadyeka moti gudumu linkagwedera. Ine ndinabweretsa chidutswa cha mkuwa wachikasu chimene ndinagula kumsika, koma iwo anachikana. Anandiuza kuti mkuwa wachikasu, uja wa pampopi, sukhalitsa pamalo pokhulana zitsulo, ndipo pafunika mkuwa wofiirira wa bronze, umene anaupeza pa bushi yaikulu ya pampu yamadzi yakutha. Ndinakhala pa benchi masana onse kuwaonerera akusema. Ankadula pang'ono, nkuimitsa makina, nkuyeza ndi micrometer, kachipangizo koyezera kukula kwa chitsulo molondola kwambiri, nkudulanso kochepa kwambiri moti tizinyenyeswa take tinkaoneka ngati fumbi la golide pa chala. Magetsi anazima ntchito ili pakati, ndipo iwo sanachotse chitsulocho pa makina, anangochiphimba ndi nsalu nkunena kuti chikachoka pamalo pake sichidzabwereranso pakatikati penipeni. Mawa lake bushiyo inalowa mothina bwino ndipo foloko inatsetsereka m'kati mwake popanda kugwedera kapena kugwira. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ntchito yamtunduwu siifuna munthu wothamangira kulandira ndalama dzuwa lisanalowe.

Thanki ya petulo inali ndi dzimbiri lochindikala m'kati. Ndinaithira madzi osakaniza ndi molasesi, zotsalira zija za popanga shuga, nkuisiya milungu itatu, ndipo dzimbiri linasungunuka nkusiya timabowo tiwiri pansi pake. Wowotcherera amene anatseka timabowo ndi mkuwa anayamba waitsuka kangapo ndi sopo ndi madzi otentha, naidzaza madzi kusiya pokhapo powotcherera, pakuti thanki imene inakhalapo ndi petulo imasunga mpweya wake ndipo ikhoza kuphulika ngakhale ikuoneka youma. Magasiketi tinadula tokha pa pepala lolimba la gasiketi, poligoneka pa chitsulo ndi kugogoda m'mphepete ndi nyundo yaing'ono ya mutu wobulungira. Chishalo anasoka ndi mayi wina wokonza mipando ya magalimoto, ndipo madigadi akumbuyo anasula ndi mmisiri wa ndowa ndi mbaula, amene anawaumba pa chitsa chogoba.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi chivundikiro cha aluminiyamu cha mbali ya injini, chimene chinali chitasweka pakati. Ndinapita nacho kwa anthu oumba mapoto, aja osungunula zitsulo pa makala nkuthira m'chikombole cha mchenga. Mkulu wa pamalopo anati aluminiyamu amafota akamazizira, choncho tikatengera chivundikiro chakalecho mmene chilili, chatsopano chidzatuluka chaching'ono pang'ono ndipo mabowo a mabawuti sadzalunjika. Anachimata bwino, nachikuta ndi phala lomatira magalimoto kuti chikule pang'ono, ndipo mabowo anati adzaboole ndi a ku Ndirande pambuyo pake. Anasungunula mapisitoni akale a galimoto m'malo mwa zitini, chifukwa chitsulo cha pisitoni chimayenda bwino m'chikombole ndipo chimalimba. Choyamba chinatuluka ndi timabowo ngati chisa cha njuchi popeza mchenga unanyowa kwambiri. Chachiwiri chinatuluka chosalala, ndipo nditachikhula pa sandipepala yoyala pagalasi mpaka nkhope yake itafanana ponseponse, chinakhala pa injini osadontha oyilo. Anthu amenewa timawaona ngati opanga mapoto otchipa basi, komatu zimene akuchita ndi ntchito yeniyeni ya fakitale yosungunulira zitsulo.

Ndiyenera kunenanso mosabisa kuti sikuti chilichonse nchoyenera kupangidwa pansi pa mtengo. Pa miyezi imeneyi ndaona ndi maso anga njinga ya kabaza imene chitsulo chogwira gudumu lakutsogolo chinasemedwa kuchokera ku chitsulo chomangira nyumba, ndiponso ina imene foloko yake yothyoka inangowotchereredwa nkupakidwa penti yakuda. Njinga zoterezi zimanyamula amayi ndi ana tsiku ndi tsiku. Mkulu wa ku Ndirande uja anakana kundisemera ekiselo, chitsulo chija chogwira gudumu, mpaka titapeza shafuti yakale ya galimoto, imene chitsulo chake chinapangidwira kunyamula katundu ndi kupirira kugwedezeka, ndipo anandiletsa kuumbitsa zogwirira mabuleki kwa oumba mapoto, chifukwa chitsulo choumba pamchenga chikhoza kukhala ndi bowo m'kati losaoneka nkuthyoka tsiku limene munthu wagwira buleki mwadzidzidzi. Anandionetsanso nambala ya 8.8 pamutu pa bawuti yolimba, nati bawuti yopanda chizindikiro isayandikire gudumu. Kusiyana kwa mmisiri weniweni ndi wongoyerekeza kuli pamenepa, pakuti wophunzira bwino amadziwa chimene angapange ndi chimene ayenera kukana, ngakhale mwini njinga atamuchonderera ndi ndalama m'manja.

Nkhawa yanga ndi yakuti mkuluyu ali ndi zaka zopitirira 70, maso ayamba kuchita chidima, ndipo alibe wophunzira. Anandiuza kuti anyamata amabwera, nkukhala mwezi umodzi, nkuchoka kukayamba kabaza kapena kuwotcherera mageti chifukwa kumeneko ndalama imaoneka tsiku lomwelo. Ena amamuuza kuti tsobola wakale sawawa, masiku ano chinthu chikatha umangogula china. Koma kugula china kumafuna ndalama zakunja zimene tilibe, ndipo makina omwewo amene anasema bushi ya njinga yanga ndi amene amasema shafuti ya chigayo, bushi ya mjigo wa m'mudzi ndi bawuti ya thirakitala imene sipeya yake inasiya kupangidwa kalekale. Tsiku limene mkuluyu adzatsamire mkono, ndikuopa kuti lathe yake pamodzi ndi giya ija ya mano 127 zidzakwera pa sikelo yomweyo imene inatsala pang'ono kudya njinga ya malume anga.

Pempho langa likupita choyamba ku bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liyang'anire maphunziro a ntchito zamanja, ndi ku makoleji monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Salima ndi Mzuzu. Afunefuneni amisiri achikulire ameneŵa m'makwalala a Ndirande, Mchesi ndi madera ena, muwatumizire ophunzira kwa miyezi ingapo ndi kuwalipira moyenera, kuti mwana amene waphunzira kuyeza pa bolodi akaone mmene dzanja lozolowera limamvera chitsulo. Ophunzira za njinga zamoto asamangophunzira kuchotsa chakutha ndi kuika chatsopano, koma aphunzirenso kuyeza, kusiyanitsa mitundu ya zitsulo ndi kuzindikira mazinga. Makampani ndi maesiteti amene ali ndi makina akale a lathe ongokhala m'nyumba zosungiramo katundu awapereke ku sukulu zoterezi m'malo mowagulitsa pa kilo. Ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri kuli injini za sitima ndi magalimoto akale amene ana a sukulu amapita kukaona, ndipo ndikanakonda tsiku lina pachaka eni njinga ndi magalimoto akale atamasonkhana pamenepo pamodzi ndi amisiri amene anawadzutsa, kuti ana aone makina akale akulira ndi anthu amene anawapatsanso moyo.

Kwa mabanja amene muli ndi mthuthuthu wa agogo m'khola kapena bokosi la zipangizo za bambo anu pansi pa bedi, chonde musafulumire kuitana a sikelo. Ngati m'bokosimo muli masipanala olembedwa W kapena BS, kapena tizitsulo todulira mazinga tolembedwa 26, dziwani kuti zimenezo sizipezeka m'sitolo zathu, ndipo pali amisiri amene akuzisowa. Njinga ya malume anga inalira koyamba mwezi wathawu, utsi wabuluu nkudzaza bwalo lonse, mayi anga aang'ono akumvetsera pa foni kuchokera ku Chiradzulu. Chatsala ndi koyilo ya magetsi a nyale, imene ndapereka kwa mmisiri wokulunga mawaya a mamota, ndi masipoko a gudumu lakumbuyo, amene mkulu wa ku Ndirande wati tidzadulire mazinga limodzi Loweruka likudzali, ine ndikugwira chogwirira iwo akundiuza poimira.

Ine wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre