Mwana wanga, za manambala ako aja

Mwana wanga wokondedwa,

Mng'ono wako wafika bwino, ndipo zimene unamupatsira zija talandira. Amayi ako akuthokoza kwambiri. Koma ine chimene ndakulemberachi ndi china. Nditamufunsa mmene ukukhalira anayamba kuzemba, amvekere munandiuza kuti ndisawadandaulitse bambo. Ndinamuumiriza mpaka ananena. Akuti sukugona, umachoka ku labu pakati pa usiku, kontirakiti yako ikutha chaka chino ndipo sukudziwa ngati akuwonjezera. Zimenezi zandimvetsa chisoni, komabe ndikanapirira. Chandisowetsa tulo ndi zimene anamva mnzako wa mu labu uja akukuuza, kuti manambala amene sakugwirizana ndi enawo ungowachotsa, pepala la kafukufuku wako lipite ku magazini mwezi uno, palibe amene adzafunse. Ndipo akuti iwe unangoseka.

Unkaseka chiyani, mwana wanga?

Sindikunena kuti wachita kale. Ndimakudziwa. Koma munthu wotopa, wamantha, amene ntchito ikumuthera, amamvera mawu amene akanakhala kuti wagona bwino sakanawamvera. Ndikudziwa mmene ntchito yanuyi ilili. Wamaliza PhD, akupatsa zaka ziwiri kapena zitatu, usanakhazikike n'komwe wayamba kale kufunsira kwina. Malo okhazikika pa yunivesite ndi ochepa, owafuna ndi ambiri, ndipo olemba ntchito amayamba ndi kuwerenga kuti uli ndi mapepala angati, atuluka m'magazini ati. Opereka ndalama za kafukufuku nawonso chimodzimodzi. Sindikupeputsa zimenezi ayi. Koma mnzakoyo akukuonetsa njira yotulukira imene ili ndi dzenje kutsogolo, ndipo wogweramo ndi iwe chifukwa dzina loyamba pa pepalalo ndi lako.

Ndiwe wemwe unandiphunzitsa mmene ntchitoyi imayendera, ndipo ndinamvetsera kuposa mmene unkaganizira. Unati ukawalitsa laser, nyali ya kuwala kwamphamvu kolunjika pamodzi, pa tizinthu ting'onoting'ono timene umayeza tija, pafupifupi kuwala konse kumabwerera mmene kunapitira. Mwa tizigawo ta kuwala pafupifupi 10 miliyoni, kamodzi kokha ndi kamene kamabwera katasintha mtundu, ndipo kameneko ndi kamene kamakuuza mmene maatomu akunjenjemerera mkatimo. Wasayansi C. V. Raman anaona zimenezi ku Calcutta, ku India, mu 1928, poyamba akugwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, chifukwa laser yoyamba inadzapangidwa mu 1960 ndi Theodore Maiman. Unandiuzanso kuti tizinthu timene umayezato timayezedwa m'mananomita, ndipo tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. Ndiye taganiza. Chinthu chimene palibe diso lingachione, chizindikiro chake n'chofooka chonchi, amene ali m'chipinda cha mdimacho ndi iwe wekha. Tonsefe kunja kuno, ngakhale apulofesa amene adzawerenge pepala lako asanalivomereze, tilibe njira ina yodziwira koma kukhulupirira zimene iwe walemba. Ntchito yako yonse yaima pamenepo.

Ndipo unanena wekha kuti makinawo amapusitsa. Unati laser ikakhala yamphamvu kwambiri imatenthetsa sampulo, chinthu chimene ukuyezacho, nsonga ya pa graph, chithunzi cha mizere choonetsa zotsatira, n'kusuntha, munthu n'kumayesa watulukira chatsopano pamene wangowotcha chinthu. Unati nthawi zina cheza chochokera mlengalenga chimagunda kamera ya makinawo n'kusiya kansonga kakuthwa kamene sikachokera ku sampulo. Unati m'mawa uliwonse umayamba wayeza silicon, chinthu chimene nsonga yake imadziwika kale, kuti uone ngati ili pa nambala 520, ndipo ikapanda kukhala pamenepo sugwira ntchito mpaka utakonza. Ndinasangalala tsiku limenelo, ndinauza amayi ako kuti mwanayu waphunzira ntchito. Tsono ndikumvetsa kuti pali zochotsa zina zovomerezeka. Kansonga ka cheza kaja umachotsa, ndipo umalemba kuti ndachotsa, pa chifukwa chakuti. Aliyense wowerenga aone n'kuvomereza kapena kukana. Koma kuchotsa nambala chifukwa chakuti ikuwononga nkhani imene mukufuna kunena, n'kukhala chete, limenelo ndi bodza. Usalipatse dzina lina. Mng'ono wako akuti zotsatira zokongola zija zinaoneka ulendo woyamba, ndipo pobwereza sizikubweranso. Ngati zili choncho, ndiye kuti makina akukuuza kanthu, ndipo mnzakoyo akufuna uwatseke pakamwa.

Nkhani ya Jan Hendrik Schön ukuidziwa kuposa ine, koma ndikukumbutsabe, poti zikuoneka kuti mwaiiwala kumeneko. Mnyamata uja anali ku Bell Labs, labu yotchuka ya ku America, malo amene wa fizikisi aliyense ankalota kugwirako ntchito. Mu 2001 dzina lake linkatuluka pa pepala latsopano pafupifupi masiku 8 aliwonse, ena mwa mapepalawo m'magazini akuluakulu a Science ndi Nature. Ankati wapanga transistor, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa magetsi, ya molekyulu imodzi, kagulu kamodzi ka maatomu. Anthu ankamutchula kale kuti adzalandira mphoto ya Nobel. M'malabu ambiri padziko lapansi ophunzira ankataya miyezi kuyesa kubwereza zimene iye analemba, osatheka, n'kumadziona ngati iwo ndiwo mbuli. Kenaka mu 2002 anzake a fizikisi, Lydia Sohn ndi Paul McEuen, anayang'anitsitsa ma graph ake n'kuona kuti timizere tonjenjemera tija, timene timabwera mwangozi ndipo sitingafanane pa miyeso iwiri yosiyana, tinali tofanana ndendende m'mapepala osiyana. Komiti yotsogozedwa ndi Malcolm Beasley wa ku Stanford itamufunsa makope a mu labu, analibe. Itafunsa mafayilo oyambirira, anati anafufuta chifukwa kompyuta inalibe malo. Mwa milandu 24 imene anaiunika, anamupeza wolakwa pa 16. Anachotsedwa ntchito chaka chomwecho. Science inabweza mapepala ake 8, Nature 7. Mu 2004 yunivesite ya Konstanz inamulanda digiri yake ya udokotala, ndipo ngakhale anapita kukhoti, sinabwerere.

Chimene chimandiwawa pa nkhani imeneyi si iyeyo ayi. Ndi ophunzira aja amene anataya nthawi yawo kuthamangitsa chinthu chimene kunalibe. Mwina pali mtsikana kwinakwake, wonga iwe pamene unkayamba, amene adzawerenge pepala lako n'kumanga PhD yake pamenepo. Udzamuyankha chiyani akadzakulembera kuti ndayesa ndalephera, ndikulakwitsa pati? Ndipo anzake a Schön amene mayina awo anali pa mapepalawo, komiti inati sanabe nawo, komabe funso linawatsalira lakuti munali kuti osaona. Amene anamugwira sanali apolisi. Anali anthu a ntchito yomweyo amene anangoika ma graph awiri pamodzi. Mnzakoyo akamati palibe adzafunse, umukumbutse zimenezi. Masiku ano n'zosavuta kuposa kale, pepala likatuluka limakhala pa intaneti mpaka kalekale, ndipo pali anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza zithunzi ndi ma graph obwerezedwa.

Ndakumbuka tsiku lija la pendulum, kamwala kolendewera pa chingwe kamene munkayezera mphamvu yokokera zinthu pansi kusukulu. Unabwera ukulira, anzako onse alemba 9.8 chifukwa ankadziwa kale yankho la m'buku, iwe wapeza nambala yopitirira 11 ndipo aphunzitsi akuchongera molakwa. Unkafuna kufufuta. Tinakhala pansi usiku womwewo ndi chingwe ndi kamwala, tinapeza kuti unkawerenga kugwedezeka koyamba ngati 1 m'malo moyambira pa ziro. Mmene unasangalalira utapeza pamene panalakwika! Unadzutsa amayi ako kuti uwaonetse. Mwana ameneyo ndi amene ndinamuperekeza pokakwera ndege, ndipo ndikufuna ndidzamuonenso yemweyo.

Za mnzakoyu ndilankhule mosabisa. Sindinamukonde kuyambira pamene unandiuza kuti waika dzina lako pa pepala limene iwe sunagwirepo ntchito. Unasangalala, unati ndi munthu wabwino, akukuthandiza kuchulukitsa mapepala. Ine ndinakhala chete poti unali wokondwa, koma mumtima ndinati mwana wanga watenga ngongole. Lero ndi imeneyi akuitanitsa. Kodi manambala a pepala limenelo unawaona? Ukudziwa mmene anawapezera? Ngati munthu akukuuza iwe kuti uchotse zosagwirizana, ukuganiza kuti pa ntchito yakeyake amachita zotani? Pita ukapemphe mafayilo oyambirira a pepala limenelo uwaone ndi maso ako. Akakana, wadziwa. Sindikuti udane naye kapena umuchititse manyazi pagulu. Mwina nayenso ndi mantha omwewo akumudya. Koma usamadye naye nkhani za manambala ako, ndipo dzina lako lisakhalenso pamodzi ndi lake mpaka utakhutira.

Ukuona ngati ukuchedwa. Anzako amene munayamba limodzi ena ndi ma lecturer kale, ndikudziwa zimakupweteka ngakhale sunena. Kuthamanga sikufika, mwana wanga. Timadontho tija timene timasintha mtundu malinga ndi kukula kwake, ma quantum dot, Alexei Ekimov anatiwona m'galasi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, Louis Brus anatiwona m'madzimadzi mu 1983, Moungi Bawendi anapeza njira yotipangira bwino mu 1993, ndipo mphoto ya Nobel anadzalandira mu 2023. Lero timadonthoti tili m'ma TV. Donna Strickland, amene chithunzi chake unachimata pakhoma paja, pepala lake ndi Gérard Mourou linatuluka mu 1985 ali wophunzira ku Rochester, pepala lake loyamba, lalifupi. Nobel inabwera mu 2018, mkazi wachitatu pa fizikisi pambuyo pa Marie Curie ndi Maria Goeppert Mayer, ndipo pa nthawiyo anali asanakhale n'komwe pulofesa wathunthu. Ntchito yake ija ya laser ndi imene madokotala amagwiritsa ntchito pochita opaleshoni ya maso. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anasenda graphene, kachigawo kopyapyala kwambiri ka kaboni, ku Manchester mu 2004 ndi selotepi wamba, ndipo chimene chinapatsa mphamvu ntchito yawo n'chakuti aliyense amene anayesa anapeza zomwezo. Sindikukuuza zimenezi kuti uzilota Nobel. Ine Nobel sindikuifuna. Ndikufuna kuti wina akadzabwereza muyeso wako kutsidya lina la dziko, adzapeze zimene iwe unalemba.

Amayi ako akuti ndikuuze za maso. Mng'ono wako anaona magalasi oteteza aja ali pa tebulo iwe ukugwira ntchito. Zimenezi n'zachibwana, ndipo ukudziwa. Unatiuza wekha kuti laser ya mananomita 1064 ija kuwala kwake sikuoneka, diso siliphethira n'komwe, limangopsa mkati, ndipo popsapo sipachira. Munthu wosagona ndi amene amaiwala kuvula wotchi ndi mphete, n'kuweramira pa tebulo. Vala magalasi, oyenera laser imene wayatsayo, ndipo usamakhale wekha m'chipindamo usiku. Kusagona komweko ndi kumene kukukupangitsa kuseka zinthu zosaseketsa.

Ngati ndi ndalama umatitumizira zija zikukupanikiza, siya. Ndikunena zoona. Ine ndi amayi ako tinkakhala usanayambe kutumiza, tikhalabe. Usadzanene kuti ndinachita chifukwa cha makolo, chifukwa sitinakutume. Kontirakiti ikatha osawonjezera, si imfa. Munthu wodziwa kuyendetsa makina amenewo amafunika m'makampani, amafunika pophunzitsa, ndipo chipinda chako chilipo ngati ukufuna kupuma kaye miyezi ingapo. Munthu amene ntchito yamuthera amafunsira ina. Koma amene pepala lake labwezedwa chifukwa cha chinyengo, dzina lake likalembedwa pa intaneti chimayamba kutuluka ndi chimenecho, ndipo palibe labu imene ingamupatsenso makiyi.

Tsono chita izi. Mafayilo onse oyambirira, abwino ndi oipa omwe, uwasunge malo awiri, usafufute ngakhale imodzi. Kope lako la mu labu uzilemba tsiku lililonse ndi cholembera cha inki, ndi deti lake, mphamvu ya laser, sampulo yake iti. Ukatero upite kwa mkulu wa labu, osati podutsana pakhonde, umupemphe nthawi mukhale pansi, umuonetse zonse, ulendo umene zinaoneka ndi maulendo amene sizinaoneke. Ndikudziwa ukuopa kuti akhumudwa chifukwa analengeza kale kumsonkhano. Akhumudwe lero muli awiri m'ofesi. Upatse wophunzira wina masampulo osamuuza kuti iyi ndi iti, ayeze yekha, utsitsenso mphamvu ya laser uone ngati nsonga ija ikusunthabe. Zikapezeka kuti kunali kutentha chabe, lemba zomwezo, zithandiza wina kuti asagwe m'mbuna yomweyo. Ndipo akakakamira kuti pepala lipite mmene mnzakoyo akufunira, uwalembere kalata, osati pakamwa, kuti dzina lako alichotsepo, n'kusunga kope la kalatayo.

Usamukalipire mng'ono wako. Ndine ndinamukakamiza, ndipo analira ponena. Amakunyadira kwambiri, aliyense amamuuza kuti mkulu wanga ndi dokotala wa fizikisi.

Sindikudziwa ngati pepalalo latumizidwa kale. Ngati latumizidwa, limathekabe kuliitanitsa lisanatuluke, ndipo ndi bwino uchite sabata ino. Undiimbire Lamlungu madzulo, ndidzakhala ndekha amayi ako atapita kokaona azakhali ako, kuti ulankhule momasuka. Ndikufuna undiuze ndi pakamwa pako kuti manambala aja ali pati.

Timakupempherera tsiku lililonse.

Ndine,
Bambo ako