Za MGB ija: uyambe waona kunsi kwake

Wokondedwa mwana wanga,

Zithunzi za galimoto ya MGB ya 1972 imene ukufuna kugula ku Birmingham kuti uikonze n'kuigulitsa ndaziona. Penti ikuwala ndithu, koma zonsezo anajambula pamwamba pokha. Usanatulutse ndalama, tenga tochi ndi maginito, ukagone pansi pake.

Galimoto imeneyi ilibe chasesi yapayokha. Bode ndiyo imasenza zonse, ndipo poti denga lake ndi lansalu, mphamvu yambiri ili mu ma sill, zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko zija. Sill iliyonse ili ndi chitsulo chakunja, china chopyapyala chapakati, ndi chapansi chimene amachitcha castle rail. Dzimbiri limayambira m'kati, momwe mumakhala chinyontho ndi mchere umene amawaza m'misewu ya kumeneko nthawi yozizira. Likamatulukira kunja ngati matuza pa penti, dziwa kuti m'katimo munatha kalekale. Ikweze pa jeke mbali imodzi, kenaka tsegula ndi kutseka chitseko. Chikamakakamira, bode yafooka. Pamene maginito akukana kugwira, pamenepo anamata fila, phala lotsekera mabowo ndi zopindika. Uonenso pomwe pamagwira masipuling'i akumbuyo, pansi pa makapeti, pamwamba pa thanki ya petulo, ndi mokhala mabatire awiri a mavoliti 6 kuseri kwa mipando.

Ukaigula, wowotcherera asadule kanthu asanachirikize mpata wa chitseko ndi zitsulo zopingasa, ndipo azigwira mbali imodzi kaye, chitseko chili pomwepo kuti aziyezera. Akadula mbali zonse nthawi imodzi, bode imapindika pakati ndipo zitseko sizidzakhalanso bwino. Ntchito yeniyeni imafuna kuchotsa wing'i (chitsulo chophimba tayala) yakutsogolo ndi kudula m'munsi mwa yakumbuyo, chifukwa sill imapitirira kuseri kwa zonsezi. Wina akakuuza kuti angovundikira chitsulo chatsopano pamwamba pa chowolacho, umusiye. Penti ikauma, apopere phula loletsa dzimbiri m'kati mwa ma sill.

Injini isakuopse. Ndi B-series ya 1798cc, masipeya ake ali mbwee. Yeza kompuleshoni itatentha: masilinda anayiwo asasiyane kupitirira 10 pa 100 alionse. Oyilo ndi 20W50, ndipo geji izionetsa 50 psi kapena kuposa pamenepo galimoto ikuyenda. Makabuleta awiri a SU usawagwire usanakonze mavalavu ndi taiming'i, apo ayi uzingopotokola zomangira pachabe. Ikamakana kulira mokhazikika itaima, kawirikawiri ndi timitengo ta thirotolo tatha, tikuyamwa mpweya. Petulo wa E10, wosakaniza ethanol mpaka 10 pa 100 alionse, amene anayamba kugulitsidwa kumeneko mu 2021, amadya mapaipi akale a labala, choncho sintha onse ndipo uzithira E5, wa ethanol wochepa.

Mabuleki ndiye usanyengerere. Ma MGB a ku Britain a 1972 ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, paipi imodzi ikaphulika matayala onse anayi sagwira, ungotsala ndi handibuleki. Ika mapaipi atsopano, masilinda a mabuleki akumbuyo ndi mafuta atsopano. Matayala uwerenge manambala anayi a m'mbali, sabata ndi chaka. Akhale ndi mano chotani, ngati akwana zaka 10 ataye. Ma kingpin, zitsulo zomwe matayala akutsogolo amakhotera, amafuna girisi pafupipafupi.

Tsopano za ndalama. Ukamalipira munthu wowotcherera ndi wopenta pa mitengo ya ku Britain, nthawi zambiri zolowa zimaposa zomwe wogula angapereke, chifukwa ma MGB anapangidwa oposa 500,000 ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo si osowa. Ine ndingakonde ugule ya bode yabwino injini itafa, kusiyana ndi yolira bwino koma yowola kunsi. Ubwino wa yakoyo ndi mabampala a kulomu, omwe amagulidwa bwino kuposa a labala akuda amene anayamba kumapeto kwa 1974. Ngati ilinso ndi overdrive (giya yowonjezera ya pa liwiro) yogwira ntchito, mtengo umakwerako.

Wogula sangaone m'kati mwa sill, ndiye amagula umboni. Jambula ntchito yowotcherera isanapakidwe kanthu, sunga lisiti lililonse mufayilo imodzi. Itanitsa Heritage Certificate ku British Motor Museum ku Gaydon. Imaonetsa tsiku lomwe inapangidwa ndi mtundu wake woyamba, ndipo upente mtundu womwewo, osati womwe iwe umakonda. Nambala ya galimoto (VIN) ya pa bode ifanane ndi ya pa V5C, chikalata cha kalembera wa galimoto, ndipo izi uzione lero usanagule. Poti inadutsa zaka 40, lamulo siliikakamiza MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati ili yoyenera pa msewu, komabe kaiyezetse, pepalalo limatsitsa mtima wogula pansi. Uitsatse mu Epulo kapena Meyi, dzuwa likayamba kutuluka; mu Novembala palibe amene amafuna galimoto ya denga lansalu.

Nditumizire zithunzi za kunsi, mbali zonse ziwiri, ndi za mipata ya zitseko ili pa jeke. Amayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako.